Ngongole ya mapulasitiki: momwe bizinesi ya ku Mangochi ingabwezere zomwe imatayira kunyanja

Mphepo ikawomba usiku wonse, kaya ndi mwera wa m'nyengo yozizira kaya mpoto wobwera ndi mvula, m'mawa mwake nyanja imatibwezera katundu wathu. Pagombe la kutsogolo kwa kaloji kanga, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, pamakhala mzere wautali ngati wina wachita kukoka ndi ndodo: timapepala ta mafilizesi, majumbo ong'ambika, zotsekera mabotolo, silipasi imodzi yopanda inzake, zidutswa za ukonde, ndi matewera a ana otupa ndi madzi. Kwa zaka zingapo ndinkaima pamenepo manja ali m'chiuno n'kumanyoza "anthu osasamala". Tsiku lina mnyamata wosesa pagombe anatola chotsekera chobiriwira, n'kuchipukuta pamalaya, n'kundionetsa.

"Abwana, madzi a chotsekera ichi kuno mumagulitsa ndinu nokha."

Ndinangoti kukamwa yasa. Ankanena zoona.

Bizinesi iliyonse, kaya ndi loji, malo odyera, holoselo, golosale kapena ya nsomba, imalowetsa mapulasitiki m'boma muno. Phindu limatsala m'thumba mwa mwini wake, chipepalacho chimapita kumtsinje. Imeneyo ndi ngongole, ndipo njira yoibwezera ilipo: mumawerengera makilogalamu a mapulasitiki amene bizinesi yanu yatulutsa, kenako mumalipira anthu kuti atole makilogalamu ofanana nawo m'magombe, m'ngalande ndi m'misika, n'kukawafikitsa koyenera. Kunena n'kosavuta. Ine ndinalakwitsa kangapo ndisanaigwire bwino, ndiye ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndikanakonda wina akanandipatsa tsiku loyamba.

Paja ife a ku Mangochi tili pakhosi pa nyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, ndipo khomolo lili kwathu kuno. Jumbo yotayidwa pamlatho wa Bakili Muluzi imatsikira ku Malombe, n'kudutsa ku Liwonde, ndipo ikapanda kukodwa m'bango kapena pazotchingira zinyalala kumalo opangira magetsi ku Nkula, ulendo wake ndi wa ku Zambezi. Yotayidwa ku Chembe, ku Cape Maclear, imayandama m'madzi a paki imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Alendo amene amatidyetsa amabwerera madzi amenewa.

Choyamba: gulani sikelo

Musayambe ndi kusindikiza malaya kapena kuitana atolankhani. Yambani ndi sikelo yolendewera, ija ogula chimanga ndi nandolo amapachika pamtengo, ndi kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu. Mukapanda kudziwa kuti ngongole yanu ndi makilo angati, mudzangoponya ndalama ngati chipepeso cha pamaliro, osadziwa ngati yakwana.

Mapulasitiki anu ali pawiri. Ena amatsala pakhomo panu: zokulungira mabelo a shuga, mapepala omangira mabotolo a madzi m'mapaketi, zigubu za mafuta ophikira, timapaketi ta sopo waufa. Awa savuta. Ikani thumba padera kukhitchini, kubala ndi mosungira katundu, muuze antchito kuti kwa mwezi wathunthu asataye kapena kuotcha pulasitiki aliyense, ndipo Loweruka lililonse muziyeza n'kulemba m'kope.

Ena amatuluka ndi makasitomala, ndipo amenewa ndi amene ambirife timawaiwala dala. Jumbo imene mwakulungira chambo cha munthu wopita ku Blantyre ndi yanu, ngakhale akaitayire pawindo la minibasi pa Ulongwe. Awa mumawawerengera kuchokera m'buku la katundu. Tengani mabotolo 50 opanda kanthu, ouma, ndi zotsekera zake zomwe, muwayeze pamodzi. Tiyerekeze kuti alemera magalamu 750. Ndiye kuti botolo limodzi ndi magalamu 15. Ngati mumagulitsa mabotolo 40 patsiku, pamwezi ndi 1,200, omwe ndi makilogalamu 18. Majumbo muyeze paketi yonse isanatsegulidwe n'kuchulukitsa ndi mapaketi amene mumagula pamwezi. Chimodzimodzi timabokosi toyera ta chipisi, makapu otaya, ndi timapaipi tomwera zakumwa.

Musayeze mwezi umodzi wokha n'kuchulukitsa ndi 12. Disembala wa kunyanja safanana ndi Febuluwale. Yezani kamodzi pamene alendo adzadza, kamodzi pamene mukuthamangitsa ntchentche pakauntala, kenako mugwiritse ntchito buku la malonda kuti mupeze chiwerengero cha chaka.

Poyezapo, tembenuzani chilichonse muone kansi kake. Zinthu zambiri zili ndi kanambala mkati mwa kachizindikiro ka makona atatu. Nambala 1 ndi PET, mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, zigubu ndi mabotolo olimba a mafuta odzola. Nambala 3 ndi PVC, mapaipi ambiri a madzi. Nambala 4 ndi LDPE, mapepala ofewa. Nambala 5 ndi PP, mabigiri, mabeseni, mipando ndi matumba a feteleza. Nambala 6 ndi timabokosi toyera tija, ndipo 7 ndi zosakanikirana. Mulembe makilo a gulu lililonse payokha. Kufunika kwake muona tikafika pakati pa nkhaniyi.

Chachiwiri: dulani zimene zingaduke

Kulipira anthu kuti azitola zinthu zimene simunafunikire kugula n'kutaya ndalama kawiri. Lipoti lina la mu 2019 linayerekeza kuti Malawi amapanga matani 75,000 a mapulasitiki pachaka, ndipo pafupifupi 80 pa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Yang'anani m'kope mwanu, mupeza kuti inunso muli momwemo.

Majumbo opyapyala aja musawaike n'komwe m'masamu a ngongole, muwasiye basi. Boma linaletsa mapulasitiki osakwana mamayikiloni 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pepala) mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhoti, koma khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti chiletsocho chiime, ndipo Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa omenyera zachilengedwe, mu 2021 chifukwa chomenyera nkhondo imeneyi. Milandu inapitirirabe pambuyo pake, koma bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA lili ndi mphamvu yolanda ndi kulipiritsa chindapusa. Chinthu choletsedwa sichiyeretsedwa ndi kulipirira otola.

Zina n'zodziwikiratu. Zakumwa za m'mabotolo a galasi obweza m'kireti, madzi a m'chigubu cha malita 20 othirira m'majagi m'zipinda za alendo, madengu ndi zikwama za mlaza zimene amaluka konkuno. Zotsala mukadula zonsezi ndizo ngongole yeniyeni.

Chachitatu: mulipira kuti?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula zimene akunja amazitcha plastic credits, zikalata zosonyeza kuti mwalipirira mapulasitiki amene ena atola. Bungwe la Verra la ku Washington linakhazikitsa ndondomeko yake mu 2021, momwe credit imodzi imaimira tani imodzi ya mapulasitiki, ndipo pali mitundu iwiri: ya kutolera ndi ya kubwezeretsanso kufakitale. Palinso makampani monga rePurpose Global, CleanHub ndi Plastic Bank amene amalandira ndalama za mabizinesi n'kulipira otola m'mayiko ngati India, Indonesia ndi Philippines. Ngati muli kampani yaikulu imene imagulitsa katundu kunja ndipo ogula anu akufuna chikalata chodziwika, njira imeneyi ili ndi malo ake. Musanalipire, funsani nambala ya pulojekitiyo muione nokha m'kaundula wa pa intaneti, funsani kuti mapulasitikiwo anathera kuti (ena amakawaotcha ngati nkhuni m'mafakitale a simenti, ndipo anthu ambiri amadandaula nazo), ndiponso kuti wotola weniweni amalandira zingati pakilo. Mukagula, credit yanu ilembedwe kuti yatsekedwa m'dzina lanu kuti isagulitsidwenso kwa wina.

Koma kwa ife a maloji, magolosale ndi malo odyera, ine ndikuti ayi. Mudzavutika kusaka madola, omwe kubanki ndi osowa kale, kuti mukayeretse gombe la ku Indonesia, pomwe ngalande ya kuseri kwa shopu yanu yatsekeka ndi majumbo. Ndiponso ngongole ya ambirife sifika ngakhale tani imodzi pachaka. Njira yachiwiri, yolipira anthu a konkuno, ndi imene ndikufotokoza kuyambira pano.

Chachinayi: lipirani zimene palibe akuzifuna

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ndinayamba kugwa.

Ndinalengeza kuti ndikugula mabotolo. Sabata yomweyo anabwera matumba ndi matumba, mabotolo oyera bwino, otsuka kale, ena akununkhira thobwa. Ndinakondwa, ndinajambula zithunzi. Koma gombe silinasinthe ngakhale pang'ono. Mayi wina wogulitsa thobwa pamsewu ndi amene ananditsegula maso. Anandipeza pageti n'kunena kuti, "Achimwene, mwatikwezera mabotolo. Anyamata amene ankatibweretsera ife, pano akubwera kwa inu."

Botolo labwino ku Mangochi siligona pansi. Likangotayidwa wina walitola kale: la thobwa, la mafuta ophikira oyeza pang'onopang'ono, la petulo wa njinga zamoto, loyandamitsira ukonde. Lili kale ndi msika wake. Ndalama yanga sinachotse kanthu m'chilengedwe; inangolanda mabotolo m'manja mwa amayi a thobwa n'kuwaunjika kuseri kwa nyumba yanga. Ogulitsa ma credit aja ali ndi lamulo pa nkhani yomweyi: amawerengera zokhazo zimene sizikanatoledwa pakanapanda ndalama yanu. Funso lake n'lomwelo ngakhale kwa ife: ndikanapanda kulipira, chinthu ichi chikanakhala kuti lero? Ngati yankho ndi lakuti chikanakhala m'manja mwa munthu, musachiwerengere. Ngati chikanakhala m'bango, m'ngalande kapena m'mimba mwa mbuzi, chimenecho ndiye chanu.

Ndiye ndalama yanu ipite kwa zonyozeka: majumbo ong'ambika, timapepala ta mafilizesi ndi ta madzi, timapaketi tonyezimira mkati, mabotolo ophwanyika ndi opserera ndi dzuwa, zidutswa za mabeseni, masilipasi, matumba otha, maneti a udzudzu otayidwa pagombe, ndi maukonde ong'ambika amene amapitirira kupha nsomba ngakhale mwini wake anawasiya kalekale.

Ndipo mubweze mofanana ndi zimene munatulutsa. Ngati m'kope mwanu theka la makilo ndi mapepala ofewa, musabweze ngongole yonse ndi zidutswa za mipando chifukwa choti zimalemera msanga. Mpando umodzi wothyoka umalemera kuposa majumbo mazana ambiri, koma mbuzi simeza mpando. Magulu aja munalemba padera ntchito yake ndi imeneyi: mapepala abwezedwe ndi mapepala, zolimba ndi zolimba.

Chachisanu: pezani kopita musanatole ngakhale jumbo imodzi

Kugwa kwanga kwachiwiri kunali kochititsa manyazi. Nditasiya za mabotolo, tinatolera zinyalala zenizeni miyezi itatu. Munthu wina wa ku Blantyre anali atandilonjeza pafoni kuti atumiza lole. Lero mawa, lero mawa, mpaka foni inasiya kulowa. Mulu unakula kuposa mpanda, mvula inayamba, m'mabotolo munadzadza madzi ndi udzudzu, makoswe anapezamo mudzi. Usiku wina mlonda, pofuna kundisangalatsa, anauyatsa. Utsi wakuda unalowa m'zipinda, alendo anadzuka akutsokomola, ndipo m'mawa panatsala chibuma cholimba ngati phula. Ndalama ya miyezi itatu inakwera kumwamba. Mlondayo sindinamukalipire, ndani anali atamuuza?

Ndiye uzani aliyense, kuyambira wophika mpaka mlonda: osaotcha. Utsi wa mapulasitiki, makamaka a PVC, uli ndi poizoni amene amawononga mapapo ndipo amatsalira m'phulusa ndi m'nthaka. Mapulasitiki ootchedwa pabwalo sabweza ngongole iliyonse.

Zolimba za nambala 2 ndi 5 ndi zimene zimapeza ogula msanga, chifukwa mafakitale ena ku Blantyre ndi ku Lilongwe amazigaya n'kupanganso zinthu monga mabeseni ndi mapaipi akuda. Pitani nokha mukaone fakitaleyo ndi maso, osangodalira nambala ya foni. Mufunse kuti amalandira manambala ati, makilo oyambira ndi angati, akufuna zosankha mitundu kapena ayi, amalipira liti, ndipo amapereka lisiti losonyeza kulemera kwake. Pezani ogula awiri, osati mmodzi. Mabotolo a PET ndi mapepala oyera a LDPE mufunse padera, popeza si onse amene amawatenga.

Mdani wanu wamkulu ndi mayendedwe. Kuchoka pa Mangochi kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo thumba la mabotolo osaphwanya ndi thumba la mpweya. Botolo lililonse lichotsedwe chotsekera, lipondedwe, ndiye lilowe m'thumba. Mukhoza kukhometsa kwa kalipentala bokosi lolimba la matabwa n'kumakanikiza ndi jeke ya galimoto kuti mupange mabelo, kenako n'kumanga ndi chingwe. Musachite kubwereka lole yapadera. Malole amene amabweretsa katundu m'maholoselo kuchokera ku Limbe nthawi zambiri amabwerera opanda kanthu. Kambiranani ndi mwini wake, osati dalaivala yekha, apo ayi katundu wanu adzatsitsidwa patchire pakabuka vuto panjira.

Tsono mapepala akuda ndi timapaketi tonyezimira, amene alibe wogula, mutani nawo? Apa pakufunika chilungamo, chifukwa ngakhale padziko lonse bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD linapeza kuti ndi 9 okha pa 100 alionse a zinyalala za pulasitiki amene amabwezeretsedwa kufakitale. Otsukika ndi kuuma akhoza kukanikizidwa ndi ndodo m'mabotolo mpaka alimbe ngati njerwa, n'kumangira mabenchi kapena kakhoma ka duwa, bola apakidwe simenti kuti dzuwa lisawafike, ndipo asanyamule denga. Ena amasungunula mapepala n'kusakaniza ndi mchenga kupanga njerwa zoyala pansi. Ngati mukufuna kulipirira zimenezi, kaoneni ngati ogwira ntchitoyo akutetezedwa ku utsi, ndiponso ngati akuchotsa PVC. Zotsala zipite kumtaya umene khonsolo inakhazikitsa, mutakambirana nawo kuti zikwiriridwe. Ndipo m'kope mulembe kuti "zokwiriridwa", osati "zobwezeretsedwa". Kuchotsa jumbo m'madzi n'kuikwirira ndi ntchito yabwino ndithu, koma itchulidwe dzina lake.

Muli kukhonsolo komweko, funsani za chilolezo chosunga ndi kunyamula zinyalala, ndipo ofesi ya zachilengedwe ya paboma ikuuzani ngati mukufunika kufika ku MEPA. Mangani kashedi ka denga ndi loko, pamalo okwera. Amene anaona mmene nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'maloji sangaike matumba pafupi ndi madzi.

Chachisanu ndi chimodzi: anthu

Pagombe pali eni ake. Yambani mwakaonekera kwa amfumu, kenako komiti ya pagombe, a BVC. Mukawadumpha, tsiku lina mudzangomva kuti mukudyera m'dzina la mudzi, ndipo ntchito idzathera pomwepo. Ngati ndi pamsika, kaonaneni ndi wapampando wa msika.

Musapange gulu latsopano ngati lilipo kale. Magulu a banki m'khonde, makalabu a achinyamata, amayi oyanika usipa, onsewa amadziwana ndipo amadziwa kugawana ndalama. Alovi nawonso amakhala manja lende m'nyengo imene nyanja yatsekedwa kumapeto kwa chaka, yomwenso ndi nthawi yofunika kutsuka ngalande mvula isanakokolole zonse. Anthu khumi odziwika ndi mayina aposa mudzi wonse wobwera chisawawa.

Ana ayi. Lamulo la ntchito sililola kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo mukangoyamba kugula kwa ana, mudzaona akuthawa sukulu n'kumalowa m'ngalande opanda nsapato. Kholo likabwera ndi thumba lomwe mukudziwa kuti atola ndi ana, lankhulani nalo pamaso.

Mugule magolovesi olimba, magambutsi, ndodo zotolera, sopo ndi ndowa yosambira m'manja. Mangochi inavutika kwambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndipo zinyalala za m'ngalande zimakhala zitasakanikirana ndi zonyansa. Matewera, majekeseni ndi mabotolo a mankhwala a m'munda musazigule pakilo, chifukwa mudzachititsa anthu kuzifunafuna ndi manja. Pa zimenezi itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzeni kachitidwe kake.

Za maukonde muchenjere pang'ono. Muzilipira okhawo ovuulidwa m'madzi kapena otayidwa pagombe, a BVC akuchitira umboni. Mukamagula ukonde uliwonse wakale, mukhala mukuthandiza msodzi kugula wina watsopano wa mtundu woletsedwa uja wa nayiloni yopyapyala.

Chachisanu ndi chiwiri: mtengo wa kilo

Musakopere mtengo wa fakitale, chifukwa umenewo ndi umene wachititsa kuti majumbo asatoledwe. Yesani chonchi: anthu awiri atole mapepala okhaokha kwa maola atatu pamalo wamba, osati pamulu. Yezani zouma. Kuchokera pamenepo muwerengere kuti munthu mmodzi angatole makilo angati patsiku, ndipo muike mtengo woti tsiku lake lisachepere malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Chitani chimodzimodzi ndi zolimba. Mupeza kuti kilo ya mapepala iyenera kukwera mtengo kangapo kuposa kilo ya zidutswa za mabigiri, ndipo n'zoyenera, poti munthu amawerama kambirimbiri kuti aikwanitse.

Pamwamba pa malipiro a otola muonjezere matumba, zodzitetezera, wolemba m'kope, mayendedwe ndi shedi, kenako muchotsepo zimene fakitale idzakupatseni. Tiyerekeze kuti ngongole yanu ndi makilogalamu 50 pamwezi ndipo zonse pamodzi zikukwana K1,500 pakilo. Ndiye K75,000 pamwezi. Manambalawa ndi ongophunzitsira masamu, anu muwapeze nokha. Ngati pamwezi mumagulitsa mabotolo 1,200 aja, K50 yoonjezera pabotolo ikupatsani K60,000, yotsalayo ichoke m'phindu. Ndalamayi ikhale ndi mzere wake m'bajeti ngati magetsi ndi madzi, isakhale ya "tikapeza". Ndipo muziunika mtengo miyezi itatu iliyonse. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023 akudziwa kuti mtengo wa chaka chatha ndi chipongwe chaka chino.

Ngati bizinesi yanu ndi yaing'ono, phatikizanani anayi kapena asanu a m'dera limodzi. Shedi imodzi, sikelo imodzi, lole imodzi. Koma thumba lililonse lilembedwe m'dzina la bizinesi imodzi yokha. Makilo 200 akatoledwa, asapezeke maloji asanu onse akuuza alendo awo kuti "tatola makilo 200".

Chachisanu ndi chitatu: tsiku logula

Sankhani tsiku limodzi pasabata ndi ola lodziwika. Kuno Lachisanu masana anthu ambiri amakhala kumzikiti, ndiye ife tinasankha Lachitatu m'mawa. Pachikani sikelo poyera, pansi pa mtengo, nkhope yake ikuyang'ana kwa wogulitsa. Musanayambe, pachikani paketi ya shuga ya kilo imodzi aliyense aone kuti sikelo sikuba.

Thumba lililonse likhuthulidwe pamphasa kapena pasaka. Anthu si oipa, koma mukamalipira pakilo mchenga umapeza njira yolowera m'mabotolo, ndipo mapepala amabwera atanyowetsedwa. Lamulo likhale limodzi kwa onse: zouma, zokutumula, mabotolo opanda zotsekera. Zonyowa zikayanikidwe zidzabwere sabata yamawa. Mukayeza, lembani tsiku, dzina, malo amene zatoledwa, gulu la pulasitiki, makilo ndi ndalama, ndipo wogulitsa asayine kapena adinde chala. Lipirani tsiku lomwelo. Airtel Money kapena Mpamba ndi yabwino chifukwa imasiya umboni, koma ndalama yodula potapa ikhale yanu, isadye malipiro a munthu. Amene alibe foni apatsidwe m'manja pamaso pa mboni.

Matumba ogulidwa muwapake penti n'kuwatsekera m'shedi. Ine thumba lina ndinaligula kawiri, linatulukira kugeti la kuseri n'kulowanso kumaso. Ndinalizindikira ndi chigamba cha chitenje chimene chinali pakona.

Kamodzi pamwezi yendani nokha kumalo amene akutolako. Ngati kope likudzaza koma ngalande ya pamsika ili chimodzimodzi, zinyalalazo zikuchokera kwina, mwina kumtaya, ndipo mukungozizunguza. Za tsiku loyeretsa la mwezi ndi mwezi limene boma linakhazikitsa mu 2020, pitani mukathandize ndi matumba ndi magolovesi, koma zimene anthu atola mongodzipereka musazilembe m'kope la ngongole yanu.

Chomaliza: muwauza chiyani anthu

Mayesero amakhalapo olemba chikwangwani chachikulu chakuti malo ano sawononga chilengedwe. Musalembe. Chotsekera chanu chobiriwira chikadali m'bango penapake. Mwatola cha wina m'malo mwake, basi. Ndipo bungwe la boma loona za chilungamo pamalonda la CFTC limalandira madandaulo a otsatsa malonda mosocheretsa. Lembani manambala okha, amene mungawaonetse m'kope ndi pamalisiti a kufakitale mlendo akafunsa.

Pakhomo lolandirira alendo ndinakhoma kabolodi kakuda, ndipo mwezi ukatha mtsikana wa pakauntala amafufuta n'kulemba ndi choko mizere inayi: makilo amene tatulutsa, amene atoledwa, amene apita kufakitale, ndi amene akwiriridwa. Mwezi umene tapereweza timalemba momwemo, ndipo otsalawo amawonjezedwa pa ngongole ya mwezi wotsatira. Chithunzi cha bolodilo chimapitanso pagulu la WhatsApp la amene timasonkha nawo, ndi kwa wapampando wa otola, kuti akaona nambala yosagwirizana ndi zimene analandira adzafunse Lachitatu sikelo isanapachikidwe.